Nsanja ya ku Belém ndi Mabwinja a ku Feira

Mu mzinda wa Lisbon, pa gombe la mtsinje wa Tejo pamene madzi ace ayandikira kuthira m'nyanja yaikuru, pali nsanja ya miyala yoyera imene Apwitikizi aicha Torre de Belém. Mfumu Manuel Woyamba ndiye analamula kuti imangidwe, ndipo mmisiri Francisco de Arruda anayamba nchitoyo m'caka ca 1514, naitsiriza patapita zaka ngati zisanu. Nchito yace inali kulonda pakhomo pa dooko ndi mizinga. Pambuyo pace inasanduka ndende. Mlendo wofuna kufika pamwamba akwera makwerero opapatiza ozungulira, oti anthu awiri sangapatukirane bwino. Akayang'anitsitsa pa ngodya yina ya kunja adzaona mutu wa cipembere wosema pamwala, pakuti m'caka ca 1515 cipembere camoyo cinafika kumeneko kucokera ku India, ndipo anthu anazizwa naco, cingakhale makolo athu a m'cigwa ca Luangwa anaciyesa nyama wamba.

Kapena wina wa ku Chainda adzafunsa kuti, Nanga ife tiri nayo ciani nsanja ya kutali cotere? Ndiyankha kuti njira imene nsanjayo inalonda mathero ace ali kwathu kuno. Pa gombe lomwelo Vasco da Gama ananyamuka m'caka ca 1497, nafika pa cisumbu ca Mozambique m'caka cotsatira. Omtsata anakwera mtsinje wa Zambezi, nakhazikika ku Sena ndi ku Tete zisanathe zaka makumi asanu, ali kufuna golide ndi minyanga. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1700 anafika pamene Luangwa akomana ndi Zambezi, namanga Zumbo kum'mawa kwa Luangwa. Tsidya lathu lino panachedwa Feira, ndiko kunena msika m'cinenero cao.

Msikawo sunali wa nsaru ndi mikanda yokha ai. Eni minda yaikuru ya m'Zambezi anali ndi asilikari ao amene anali akapolo, ochedwa Acikunda, anthu odziwa mfuti ndi kupalasa bwato, ndiponso akatswiri pakupha njobvu. Mphamvu ya eni mindayo itacepa, Acikunda ambiri anadziimira paokha, ndipo atsogoleri ao monga Kanyemba ndi Matakenya anasautsa Ansenga ndi mitundu yoyandikana nao pogwira anthu ndi kulanda minyanga. Apa pali cinthu cobvuta cimene sitiyenera kucilumpha: wogwidwa ndi wogwira onse anali ana a dziko lino, ndipo zidzukulu zao lero zitunga madzi pa mpopi umodzi m'makomboni a Lusaka. Ine ndiyesa kuti nco cifukwa cace nkhaniyi sikambidwa kawiri-kawiri pamaso pa ana.

Zumbo sanakhale wolimba masiku onse. Apwitikizi anamsiya m'caka ca 1836, ndipo pamene David Livingstone anapita pamenepo mu January 1856 anapeza makoma akugwa a nyumba zamiyala, ndi bwinja la chalichi, ndi belu losweka liri gone pansi, lolembedwa zilembo I.H.S. pamodzi ndi mtanda. Iwo anabweranso m'caka ca 1862, koma pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linaika mtsinje wa Luangwa kukhala malire pamenepo, kotero kuti Zumbo anatsala kwa Apwitikizi, Feira nagwa m'manja mwa Angerezi. Anthu a mtundu umodzi anagona ali abale, nadzuka ali nzika za maiko awiri.

Nsanja ya ku Lisbon inalembedwa ndi bungwe la UNESCO m'caka ca 1983 pakati pa cuma ca dziko lonse lapansi, ndipo sindiiderera. Ndi nchito ya manja aluso ndithu. Koma ulendo wa kumeneko ufuna ndalama zimene kalaliki sangazione msanga, pamene wa ku Feira, kumene tsopano kuchedwa Luangwa, uyambira pa mseu wa Great East Road umene upita pafupi ndi Chainda pomwe. Munthu akafika pa mlatho wa Luangwa apatuke kumwera, natsate mtsinjewo kufikira pa mathiriro ace. Ataima pa gombe adzaona Zumbo tsidya lija la Luangwa, ndipo kutsidya kwa Zambezi, m'dziko la Zimbabwe, adzamsonyeza malo amene kufikira lero achedwa dzina la Kanyemba.