Mowa wa khonsolo, mbiya za amayi

Mowa sunakhalepo wopanda malamulo. Kumudzi, boma lisanabwere ndi mapepala ake, mwini mowa ndiye ankayamba kumwa chipanda choyamba anthu onse akuona, kuti adziwe kuti m'mbiyamo mulibe choipa. Mwana sankakhala pabwalo la mowa. Mowa wa dima ankaumwa atatha kulima, osati makasu ali chigonere. Malamulo amenewa sanalembedwe paliponse, koma lililonse mukalifunsa kuti likuteteza yani, yankho limabwera msanga. Funso lomweli ndikufuna tiwafunse malamulo ena, olembedwa ndi inki, amene agogo athu anakawapeza atapita kukagwira ntchito ku Joni, ku Halale ndi kumigodi ya kopa ya ku Zambia.

Tiyambire ku Transvaal. Golide atapezeka m'chaka cha 1886, mowa waukali unkagulitsidwa kwa anthu akuda popanda choletsa chenicheni, ndipo ena mwa eni migodi anali ndi masheya pafakitale yotcheza mowawo ku Hatherley, pafupi ndi Pretoria. Zinkawakomera, paja munthu womwera malipiro ake sabwerera kwawo msanga. Koma migodi itazama, n'kuona kuti Lolemba lililonse antchito ambirimbiri sakutsika pansi chifukwa cha matsire, mabwana omwe aja anatembenuka n'kuyamba kulira kuti mowa ukuwononga anthu. M'chaka cha 1896 boma linakhazikitsa lamulo loletsa kugulitsa mowa kwa munthu wakuda. Chiwindi cha mtchona sichinali m'maganizo mwawo ayi. Ankawerenga matani a miyala.

Nzeru yoposa pamenepa inachokera ku Durban. Kumeneko anaona kuti kuletsa mowa n'kutaya ndalama, bola kuulanda. Lamulo la Native Beer Act la 1908 linalola khonsolo ya mzinda kukhala yokhayo yofulula ndi kugulitsa mowa wamasese, umene Azulu amautcha utshwala. Chaka chotsatira maholo a mowa anatsegulidwa. Phindu lake linkapita kuthumba lapadera lomangira mahositelo a antchito ndi kulipira akapitawo ndi apolisi oyang'anira anthu akuda. Taganizani bwino, awerengi: munthu ankagula chipanda cha mowa, ndipo ndalama yomweyo n'kukalipira wapolisi wodzam'funsa pasi mawa lake. Mzungu wokhoma msonkho mumzindamo sankafunika kupisa m'thumba. Akuluakulu a mizinda ina anachita kaso, nayamba kupita ku Durban kukaphunzira. Bulawayo inatsegula holo yake, Salisbury chimodzimodzi, matauni a kumigodi ya kopa nawonso, ndipo Johannesburg inatsatira kumapeto kwa zaka za m'ma 1930.

Holo yake sinali malo oti munthu n'kuiwala mavuto. Mpanda kuzungulira, wapolisi pachipata, mzere wautali, mabenchi ouma. Amuna ankalowa mmodzimmodzi ngati ng'ombe zopita kudibi. Ku Durban akazi sankaloledwa n'komwe kumwera m'menemo.

Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa mowa wamasese ndi ntchito ya amayi. Kuviika chimanga kapena mapira, kuyanika chimera, kusinja, kuphika, kudikira, kusefa: luso lonseli linali lawo kuyambira kalekale. M'tauni ya atsamunda, m'mene ntchito yolembedwa ya mkazi wakuda inali yosowa, mbiya ndiyo inkalipira lendi ndi fizi ya ana. Lamulo lija linasandutsa mayi aliyense wofulula kukhala chigawenga, n'kupereka luso lake kwa khonsolo. Tsono mwamuna akamwera malipiro kuholo, ndalama ija inkatuluka m'mudzi osabwereranso, pamene kale inkangochoka khomo ili n'kulowa khomo linalo.

Amayi sanasiye. Anangosintha kafululidwe. Mowa weniweni umafuna masiku angapo kuti upse, ndipo fungo lake silibisika, choncho apolisi ankaupeza mosavuta n'kuutaya. Ndiye kunabadwa mowa wachangu, wa shuga ndi isiti, wopsa tsiku limodzi, woukwirira pansi m'migolo kuseri kwa nyumba. Ena ofuna kuti ulume msanga ankathiramo sipiriti ndi kabaidi. Umenewu ndiye skokiaan, dzina limene August Musarurwa wa ku Bulawayo anapatsa nyimbo yake ija imene Louis Armstrong anadzaijambulanso m'chaka cha 1954. Dziko lonse linavina osadziwa kuti likuvinira mowa wa m'dzenje. Lamulo limene ankati labwera kudzateteza anthu ku mowa woipa ndilo linaphunzitsa anthu kufulula poizoni, ndipo shabini ndi mwana wake wobereka yekha.

Mkwiyo sunachedwe. Mu June 1929 antchito a padoko ku Durban, mothandizidwa ndi bungwe la ICU la A.W.G. Champion, ananyanyala maholo, kunabuka zipolowe ndipo anthu anafa. Amayi a m'matauni ang'onoang'ono a Natal analowa m'maholo ndi zibonga kuthamangitsa amuna awo omwe. Patapita zaka 30, mu June 1959, amayi a ku Cato Manor anachitanso zomwezo apolisi atawaswera migolo: analowa m'maholo, nakhuthula mowa wa khonsolo pansi. Mu January 1960 apolisi asanu ndi anayi anaphedwa komweko ali pantchito yosaka mowa. Ndipo ana asukulu a ku Soweto atadzuka mu June 1976, zina mwa nyumba zoyamba kupsa zinali maholo a mowa ndi mabotolositolo a boma. Anawo ankadziwa kumene malipiro a atate awo ankathera.

Pali mbali ina imene sindingaibise. Ku Bulawayo phindu la mowa linamangadi zinthu zooneka: nyumba, makiliniki, malaibulale, mabwalo a masewero. Alipo akuluakulu okulira kumeneko amene amakumbukira zimenezi mosanyoza, ndipo mowa wa khonsolo unali waukhondo kuposa wa m'dzenje. Komabe ine sindikhutira. Mzinda umene laibulale yake ikudalira kuti abambo aledzere sungafune kuti asiye kumwa. Kumayadi laibulale inkamangidwa ndi msonkho. Kulokeshoni ankati mukafuna buku, yambani mwamwa.

Nanga mowa wa m'botolo? Umenewo unali wa khungu lina. Ku South Africa lamulo la 1928 linatsekera munthu wakuda mowa wonse wachizungu, kupatula ochepa ophunzira amene ankapempha chiphaso chapadera, ngati kuti sukulu imalimbitsa mutu pa mowa. Munthu ankatha kugwira ntchito yonyamula makreti tsiku lonse, koma akapezeka ndi botolo limodzi m'thumba, ndende. Ku Southern Rhodesia chitseko chinatseguka pang'ono m'chaka cha 1957, pamene anthu akuda analoledwa kugula mowa wachizungu wosaukali ndi vinyo. South Africa inadikira mpaka August 1962, ndipo ngakhale pamenepo boma linaonetsetsa kuti mabotolositolo a m'malokeshoni akhale m'manja mwa makhonsolo. Khola linakula, mwini khola sanasinthe.

Malamulo a khungu aja anafa pamodzi ndi maboma amene anawalemba, koma zizolowezi zake zinatsala. Chibuku, chimene Max Heinrich anayamba kufulula ku Kitwe m'zaka za m'ma 1950, ndi mowa wa amayi womwe uja utalowa m'fakitale, ndipo msika wake woyamba unali maholo a makhonsolo. Mathaveni a khonsolo amene tinakula tikuwaona m'matauni mwathu muno ndimawayesa adzukulu a holo ya ku Durban, kungoti pachipata panalibenso wofunsa pasi. Malamulo ena ndiye anangotsala ngati chitsa m'munda, osadziwika ntchito yake. Mukalowa m'supamaketi ku Johannesburg mupeza vinyo pashelefu pafupi ndi buledi, koma mowa wa m'botolo, umene mphamvu yake ndi yochepa kuposa ya vinyoyo, muyenera kutuluka n'kukalowa khomo lina, kawirikawiri la kampani yomweyo. Amene akutetezedwa ndi khoma limenelo ine sindimuona. Ndimangokumbukira kuti alimi a mphesa a ku Cape anali ndi mawu amphamvu m'nyumba ya malamulo.

Musandimve ngati ndikuti lamulo lililonse la mowa ndi unyolo. Ku Cape komweko, kwa zaka mazana, eni minda ankalipira antchito gawo lina la malipiro ndi vinyo, kangapo patsiku. Mchitidwewu unaletsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 koma unapitirira mwakachetechete, mpaka lamulo la 2003 linachita kubwerezanso kuti mowa si malipiro. Zipsera zake zikuonekabe pa ana obadwa atavulazidwa ndi mowa ali m'mimba. Lamulo lotere ndi mbale wake wa lija la chipanda choyamba: limayang'ana wakumwayo. Chimodzimodzi pamene Zambia inaletsa tujilijili m'chaka cha 2012, ndi pamene Malawi inaletsa masacheti m'chaka cha 2015, ngakhale makampani anakokera nkhaniyo kukhoti. Kachasu wa m'fakitale wokwana m'thumba la yunifolomu, wogulika ndi ndalama ya mandasi, sankafunika loya kuti atiuze amene ankamumwa. Tonse tinkawaona, anyamata a pasiteji ya minibasi, mmawa dzuwa lisanakwere.

Chovuta n'chakuti lamulo limodzi likhoza kukhala lanzeru ndi lopusa nthawi imodzi. Mliri wa Covid-19 utafika, boma la South Africa linatseka malonda onse a mowa kuyambira pa 27 March 2020, ndipo linachitanso zimenezi kangapo pambuyo pake. Ulendo uno silinayang'ane khungu la munthu, linkafuna mabedi a m'chipatala. Ndipo zinathekadi: pa 1 January 2021 chipatala chachikulu cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto chinalengeza kuti chipinda chake cholandirira ovulala kwambiri chinalibe wodwala ngakhale mmodzi, chinthu chimene sichinachitikepo patsiku la Chaka Chatsopano. Koma madzi saiwala khwawa. M'masabata oyamba a chiletsocho mtengo wa chinanazi unakwera, isiti anayamba kusowa m'masitolo, ndipo zidebe zinabwerera kuseri kwa nyumba, ku Soweto ndi kumayadi komwe. Azungu amene agogo awo ankatuma apolisi kukaswa migolo ku Cato Manor ankafunsana kuti chinanazi chimapsa masiku angati.