Kumene Anacokera Doh, Ray, Me

M'masukulu ambiri a kumidzi ya Katete, Sinda ndi Vubwi ana anaphunzira kuimba poyang'ana zilembo zisanu ndi ziwiri pa bolodi: d r m f s l t. Anthu ena amayesa kuti zilembozi anazipeka ndi amisyoni, koma ciyambi cace ndi cakale ndithu, ndipo amene anazikonza anali aphunzitsi obvutika ndi ana osagwira nyimbo msanga.

Kale ku Ulaya nyimbo za m'chalichi zinkaimbidwa ndi liu limodzi, popanda zoimbira. Zinachedwa ndi dzina la Papa Gregory Woyamba, amene analamulira kuyambira 590 kufikira 604. Poyamba panalibe njira yozilembera, motero mwana ankazimva kwa mkuru wace ndi kuziloweza. Pambuyo pace olemba anayamba kuika timizere pamwamba pa mau, tosonyeza kuti apa liu likwera, apo litsika. Koma timizereto sitinkanena msinkhu wa kukwerako.

Amene anathetsa bvuto limeneli ndiye Guido, mmonke wa ku Italy, wophunzitsa oimba m'mudzi wa Arezzo ca m'ma 1025. Iye anaika zizindikiro za nyimbo pa mizere yolembedwa copingasa, kuti liu liri lonse likhale ndi malo ace. Anaonanso kuti m'nyimbo ina ya Cilatini yotamanda Yohane Mbatizi mzere uli wonse unkayambira pamwamba pa unzace. Anatenga tsono mphatikizo zoyamba za mizereyo nazisandutsa maina a mau asanu ndi limodzi: ut, re, mi, fa, sol, la. Ndi maina amenewa mwana anakhoza kuimba nyimbo imene sanaimvepo. Mbiri yace inamveka ku Roma, ndipo Papa John XIX anamuitana kukaonetsa njirayo. M'zaka za m'ma 1600 ut anasanduka do, ndipo liu lacisanu ndi ciwiri linachedwa si.

Ku England Mai Sarah Glover a ku Norwich, ophunzitsa ana osauka, anakonzanso njirayi nasindikiza buku lao mu 1835. Ndiwo anasintha si kukhala te. Mu 1841 mbusa John Curwen anapemphedwa kupeza njira yapafupi yophunzitsira nyimbo m'masukulu a Sabata, ndipo anatenga nchito ya maiwo naikuza. Imeneyi ndiyo Tonic Sol-fa.

Mfundo zace nzowerengeka. Mauwo ali ngati makwerero: doh ndiye tsinde, ndipo wokwera masitepe asanu ndi awiri afikanso pa doh wapamwamba, wolembedwa ndi kanambala pamutu. Masitepe onse ngofanana, kupatula a pakati pa me ndi fah, ndi pakati pa te ndi doh, amene ali theka cabe. Doh alibe malo amodzi. Mau a pamwamba pa nyimbo, monga akuti doh ndi G, ndiwo auza poyambira. Mzere woimirira utsogolera kugunda kwamphamvu, madontho awiri atsogolera kugunda kofooka, ndipo kamzere kogona katanthauza kuti liu lipitirire.

Amisyoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, ku Madzimoyo mu 1903, ndi ku Nyanje, m'boma la Sinda, mu 1905. Njirayi inawayenera cifukwa siifuna limba kapena mabuku a mtengo wapatali. Coko ndi bolodi zikwanira. Ku misyoni za Akatolika, monga Chassa, Misa inkaimbidwa m'Cilatini kufikira Msonkhano Waciwiri wa Vatican wa 1962 mpaka 1965, kotero kuti nyimbo za mtundu umene Guido ankaphunzitsa zinamveka kuno komwe.

Aafrika sanangolandira njirayi, anailembera nyimbo zaozao. Mu 1897 Enoch Sontonga, mphunzitsi wa pa sukulu ya misyoni pafupi ndi Johannesburg, analemba Nkosi Sikelel' iAfrika m'zilembo za sol-fa, ndipo Zambia polandira ufulu mu 1964 anatenga liu la nyimboyo kukhala la nyimbo ya pfuko.

Pano pali nchito yotsalira mphunzitsi wa kumudzi. Nyimbo za pamtondo, za m'nthano ndi za cimtali zikhala m'mitima ya akuru okha, monga zinaliri nyimbo za ku Ulaya Guido asanabadwe, ndipo nkhalamba ikamwalira zina zimapita nayo. Sol-fa sangagwire kuliza konse kwa ng'oma, koma liu la nyimbo aligwira. Mphunzitsi wodziwa zilembo zisanu ndi ziwirizo akhoza kukhala pansi ndi agogo madzulo, nalemba m'kope mau ndi liu lomwe, kuti ana a m'kalasi mwace adzaziimbe.