Mmene Tidaphunzirira Zanyengo Kudzera M'ndakatulo

Pamsonkhano wathu wapitawu a komiti adandipempha kuti ndilembeko mbiri ya masiku athu. Ena adalemba kale za tchalitchi, za mpira ndi za belu lachitsulo lija. Ine ndasankha kukumbutsa za botolo loyezera mvula limene linkakhala kuseri kwa ofesi ya ahedi, ndi kope la ndakatulo limene linkayenda nalo limodzi.

Mukukumbukira kuti m'chaka cha 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko. Ana ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, ndipo pofika Sitandade 5 maphunziro ankasanduka a m'Chingerezi. Ine ndidalowa Sitandade 5 mu 1974. Sayansi idativuta kwambiri. Tinkaloweza mawu ofotokoza za mitambo ndi mphepo ngati zinkhwe, koma tikatuluka panja sitinkadziwa kuti mitambo ya m'bukuyo ndi yomweyo imene ili pamwamba pathu.

Aphunzitsi athu a kalasi imeneyo, amene tsopano adatisiya, adaona vutoli. Adakwirira botolo pabwalo, nalivundikira ndi fanulo, ndipo m'mawa uliwonse ana awiri ankayeza madzi ndi rula ndi kulemba mainchi ake pabolodi. Ena ankalemba kumene mphepo ikuchokera poyang'ana kansalu komangidwa pansungwi. Tsiku Lachisanu lililonse tinkasandutsa zimene taona sabata imeneyo kukhala ndakatulo ya m'Chichewa. Lamulo lawo lidali limodzi: mzere uliwonse unene chinthu chimene waona ndi maso kapena wayeza ndi manja. Wolemba zongokometsa ankamufunsa kuti, "Kodi mwana iwe, zimenezi udaziona liti?"

Ndakatulo yanga yoyamba idali ya chiperoni, kamvula kozizira kaja ka mu Juni ndi Julayi kamene kankatinjenjemeretsa pamzere wa m'mawa tili opanda nsapato. Kuti ndiilembe adayamba andiphunzitsa kuti dzinalo lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Adandiuzanso kuti mphepo yachinyezi yochokera kunyanja ya mchere ya India ikamakwera mapiri imazizira, nthunzi yake n'kusanduka nkhungu ndi mvula yowaza. Mnzanga wina adalemba za mphenzi ndi bingu ngati ana awiri opikisana liwiro, woyamba kufika ali mphenzi. Kuchokera pamenepo tidaphunzira kuwerenga: masekondi atatu pakati pa kung'anima ndi kugunda ndiye kuti mphenziyo ili pamtunda wa pafupifupi kilomita imodzi. Mzere wotsiriza unkachenjeza kuti tisabisale pansi pa mtengo, ndipo mpaka lero sindibisalapo.

Aphunzitsiwa sankanyoza nzeru za makolo. Ankatituma kukafunsa agogo mayina a mvula ndi mphepo, ndipo tinkabwera ndi chizimalupsa, mvumbi, mwera, mpoto ndi kamvulumvulu. Dzina lililonse ankalipezera mwezi wake ndi chifukwa chake. Pophunzitsa za mwera adatisimbira za sitima ya Vipya imene idamira panyanja mu Julayi 1946, nifa anthu oposa 140. Za Napolo amene adasakaza Zomba mu Disembala chaka chomwecho adatilola kulemba za chinjoka chochoka kuphiri monga ankanenera akuluakulu, koma ndime yachiwiri inkayenera kufotokoza zimene zimachitika: mvula yamphamvu ikagwa masiku angapo, dothi la m'phiri limakhuta madzi, n'kugumuka pamodzi ndi miyala ndi mitengo.

Mwambowu sudathe tsiku limodzi. Aphunzitsi aja atasamutsidwa, ena adaupitiriza kwa zaka zingapo, koma mayeso a Sitandade 8 ankafuna mayankho a m'Chingerezi, ndipo nthawi ya ndakatulo inkaoneka ngati yotayika. Mu 1994, maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana m'dziko muno adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Chidali chinthu chabwino, koma mphunzitsi wa ana oposa 100 pansi pa mtengo sakadatha kuwerenga ndakatulo ya mwana aliyense. Nditapita kukacheza patapita zaka, botolo lija sindidalipeze, ndipo kope lija lidadyedwa ndi chiswe. Sindikuloza munthu chala, pakuti ngakhale ife eni ake sitidasunge kanthu.

Chimene chandilembetsa nkhaniyi si kungokumbuka zakale. Mu Malichi 1991 madzi ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zidapha anthu ambiri ku Phalombe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche pamwamba pa Chilobwe, nawononganso Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Nditamva pawailesi kuti mvula yagwa masiku atatu osakata, chimene chidandibwerera m'mutu si tsamba la buku la sayansi ayi, koma ndime yachiwiri ija ya dothi lokhuta madzi. Chimene mwana wachipeka yekha m'chiyankhulo chake sachiiwala msanga.

Choncho ndikupempha bungwe lathu zinthu ziwiri. Choyamba, tisonkhe ndalama zogulira sukulu yathu choyezera mvula chenicheni, choyezera kutentha ndi makope. Chachiwiri, aliyense amene akukumbukira ngakhale mizere iwiri ya ndakatulo zathu zija ailembe ndi kuipereka kwa alembi pamsonkhano ukubwerawu, kuti tikaisiye m'manja mwa aphunzitsi a lero. M'mera mpoyamba. Adzukulu athu akukula m'nyengo yovuta kuposa yathu, ndipo ayenera kudziwa kuwerenga mitambo.