Nkhondo ya Chiwaya: Mjeremani sanaponde ku Mvera, koma midzi inalira

Palibe msilikali wa Jeremani amene anaponda pa Mvera, kapena kuona ndi maso ake mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Komabe nkhondo imene inabuka ku Ulaya mu 1914, ija makolo athu ankaitcha ya Chiwaya, inalowa m'midzi ya kwa Chiwere mpaka kusiya amayi akulima okha.

Pa 4 Ogasiti 1914 asilikali a Jeremani anathyola malire a Belgium, ulendo wa ku France, ndipo tsiku lomwelo Britain inalengeza nkhondo. M'masabata ochepa anali atayandikira Paris, mpaka anabwezedwa pa mtsinje wa Marne mu Seputembala. Wina angafunse kuti zimenezi zinkamukhudza bwanji mlimi wa ku Mvera. Yankho lili pa mtsinje wa Songwe. Kutsidya kwake, kumene lero ndi Tanzania, linali dziko lolamulidwa ndi Ajeremani, ndipo mkulu wa asilikali awo, Paul von Lettow-Vorbeck, anali ndi cholinga chimodzi: kutangwanitsa adani ambiri mu Africa muno kuti asapite kukathandiza ku Ulaya.

Mfuti yoyamba kuno inalira pa nyanja. Pa 13 Ogasiti sitima ya boma la Nyasaland, Guendolen, motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades, inapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda akuikonza ku Sphinxhaven, kumene lero amati Liuli. Anaiombera n'kuilemaza. Kaputeni wake, Berndt, anali asanamve n'komwe zoti kwabuka nkhondo. Nkhaniyi anthu amakonda kuifotokoza moseka, poti akaputeni awiriwa anali mabwenzi, koma zotsatira zake zinali zazikulu: kuyambira tsikulo nyanja yonse inakhala msewu wa Angerezi wonyamulira asilikali, chakudya ndi anthu.

Kenaka Ajeremani anawoloka Songwe. Pa 9 Seputembala 1914 anazinga boma la Karonga, pamene gulu lalikulu la King's African Rifles, pansi pa Kaputeni Barton, linali litapita kumpoto kukawasaka, magulu awiriwa atasemphana m'njira. Barton anabwerera msanga, kunamenyedwa nkhondo yoopsa pa Karonga ndi pa Kasoa, Ajeremani n'kuthawira kwawo atataya anthu ndi mizinga. Apa ndi pamene panathera kufutukuka kwa Jeremani m'dziko muno. Koma mavuto a anthu akumudzi anali asanayambe n'komwe.

Amene anaona zimenezi msanga anali John Chilembwe. Mu Novembala 1914 analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu akuda akukhetsa magazi pa mkangano umene suli wawo, n'kumasiya akazi amasiye ndi ana opanda owasamala. Boma silinafune kuti mawuwo afale. Pa 23 Januwale 1915 iye ndi anthu ake anaukira, ndipo pasanathe masabata awiri anaphedwa.

Nthawi imeneyo Mvera inali kale malo odziwika. Amishoni a Dutch Reformed Church, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anakhazikitsa mishoni pano mu 1889 ataloledwa ndi Mfumu Chiwere ya Angoni. Panali sukulu, aphunzitsi oyenda m'midzi, ndi njira yotsika phiri kupita ku doko la Domira Bay. Ntchito yomasulira Baibulo, imene W.H. Murray anaitsogolera ndipo inabala Buku Lopatulika, inali mkati. Dera lodzaza anthu chotere, lokhala ndi njira yofika kunyanja, boma silikanalilambalala pofuna anthu onyamula katundu.

Kufunako kunakula mu 1916, pamene Jenerale Edward Northey anayamba kulowa m'dziko la Ajeremani kuchokera kumalire a kumpoto. Kumeneko kunalibe njanji, misewu ya galimoto inali yowerengeka, ndipo ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi matenda a kashembe. Chotsala chinali mutu wa munthu. Mpunga, ufa, zipolopolo, matenti, ngakhale odwala pa machira, zonse zinayenda pa mitu ndi pa mapewa a amtengatenga. Ndipo apa pali masamu owawa: wonyamula ufa nayenso amadya, choncho ulendo ukatalika pankafunika anthu ena onyamulira chakudya onyamulawo. Lettow-Vorbeck akamabwerera m'mbuyo, mzere wa anthu unkangotalikirabe.

Olemba mbiri, monga Melvin Page amene anayenda m'midzi kucheza ndi otsala a nkhondoyi m'zaka za m'ma 1970, amati Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, m'dziko la anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Bwanamkubwa ankalamula ma DC, ma DC n'kupanikiza mafumu, mafumu n'kuloza nyumba. Apolisi ankafika usiku kudzagwira amuna, ndipo pena ankatenga mkazi kuti mwamuna wobisala atuluke. Ena ankathawira m'mapiri, ena kumanda ndi kudambwe kumene mlendo sakanayerekeza kulowa. N'chifukwa chake anthu ankaiona nkhondoyi ngati thangata wamkulu kuposa onse. Ine ndikuti dzinalo linali loyenera, chifukwa munthu womangidwa chingwe pakhomo pake sitinganene kuti anadzipereka kutumikira mfumu ya ku Mangalande.

Chimene chinapha ambiri sichinali chipolopolo. Anali kamwazi, chibayo cha m'mapiri ozizira a kumpoto kwa nyanja, malungo ndi njala. Mu Novembala 1917 Ajeremani anawoloka Ruvuma kulowa m'Mozambique, ndipo amtengatenga anayambanso ulendo wina kudzera ku Fort Johnston, Mangochi ya lero. Kumudzi minda inachepa, chakudya china boma n'kutengera asilikali. Lettow-Vorbeck anatula zida ku Abercorn, lero Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918, patatha masabata awiri nkhondo itatha ku Ulaya. Otsala akubwerera kwawo, mliri wa fuluwenza unali utalowa kale m'dziko, ndipo unapha ngakhale amene sanachoke pakhomo.

Ku Zomba kuli chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, ndipo chaka chilichonse mu Novembala akuluakulu amakaika nkhata za maluwa. Izi n'zoyenera. Ku Mvera komweko lero kuli kampu ya asilikali a Malawi Defence Force, amene ndi zidzukulu za asilikali aja. Koma amtengatenga, amene anali ochuluka kakhumi kuposa asilikali, sitiwatchula kawirikawiri, ndipo ana asukulu ambiri amamva za Marne asanamve za Kasoa.

Amene anaona nkhondoyi ndi maso, onse anapita. Chotsala ndi zimene anauza ana ndi adzukulu awo, omwenso tsopano ndi okalamba. Inu a kwa Chiwere, a ku Kongwe, a ku Ntchisi, afunseni agogo anu ngati m'banja mwanu munachoka munthu wopita ku tengatenga, mulembe dzina lake ndi mudzi wake, mukapereke kwa amfumu ndi kumpingo kuti asungidwe.