Malipiro a munthu wochotsedwa ntchito m'Malawi

Malipiro a munthu wochotsedwa ntchito ndi ndalama zimene malamulo a dziko la Malawi amalamula wolemba ntchito kupereka kwa wantchito pamene ntchito yatha. Dziko la Malawi lilibe thumba la boma lolipira mwezi ndi mwezi anthu amene ntchito yawathera, monga zilili ku South Africa kapena ku Britain, kumene inshulansi yotere inayamba mu 1911. Choncho chilichonse chimene munthu amalandira chimachokera kwa bwana amene wamuchotsayo, kapena ku penshoni imene ankasonkha ali pantchito. Bwanayo akakana kulipira, wantchito amayenera kukadandaula yekha ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, imene anthu ambiri amangoti ku leba, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti la Industrial Relations Court.

Malamulo akuluakulu pa nkhaniyi ndi Employment Act ya 2000, Labour Relations Act ya 1996 ndi Pension Act. Onsewa amatsamira pa gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko a 1994, limene limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi kulandira malipiro oyenera. Employment Act sikhudza asilikali, apolisi ndi ogwira ntchito za ndende.

Zimene wantchito ayenera kulandira

Ntchito ikatha, bwana ayenera kupereka malipiro onse otsala, ndalama za masiku a tchuthi amene wantchito sanapume, ndi kalata yosonyeza nthawi imene munthuyo wagwira ntchito. Lamulo limati ndalamazi ziperekedwe pasanathe masiku 7. Munthu wolipidwa pa mwezi ayenera kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi, ndipo bwana akafuna kuti munthuyo achoke tsiku lomwelo amalipira malipiro a mweziwo m'malo mwa notisi. Amene wachotsedwa chifukwa cha mlandu waukulu, monga kuba kapena kujomba kawirikawiri popanda chifukwa, salandira notisi.

Ndalama imene imayandikira kwambiri thandizo la anthu osowa ntchito ndi ya severance, imene ili mu gawo 35 la Employment Act. Kuyambira pamene lamuloli linasinthidwa mu 2010, ndalamayi imaperekedwa pa zifukwa ziwiri zokha: ngati bwana wachepetsa antchito chifukwa cha mavuto a zachuma kapena kusintha kwa kayendetsedwe ka ntchito, ndiponso ngati munthu wachotsedwa mopanda chilungamo. Amene wasiya yekha ntchito, amene kontirakiti yake yangofika pamapeto, amene anali pa nthawi yoyesedwa, komanso amene wachotsedwa moyenera chifukwa cha khalidwe lake salandira.

Kuwerengera kwake kumatengera zaka zathunthu zimene munthu wagwira. Pa zaka 5 zoyambirira amalandira malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse. Kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10 amalandira a masabata atatu pa chaka, ndipo kuyambira chaka cha 11 amalandira a masabata anayi. Mwachitsanzo, mlonda wa pa esiteti amene wagwira zaka 7 amawerengeredwa masabata 10 a zaka zoyambirira ndi masabata 6 a zaka ziwiri zotsatira, onse pamodzi masabata 16. Ngati malipiro ake anali K30,000 pa sabata, ndiye kuti severance yake ndi K480,000. Amene sanakwanitse chaka chimodzi salandira severance.

Chipukuta misozi cha kuchotsedwa mopanda chilungamo ndi ndalama ina yapadera, ndipo munthu akhoza kulandira zonse ziwiri. Gawo 57 limati bwana asachotse munthu popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati chifukwacho chikukhudza khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito, munthuyo ayambe wapatsidwa mpata wodziteteza. Mfundoyi inachokera mu pangano nambala 158 la bungwe la ILO, limene Malawi anavomereza mu 1986. Mabwana ambiri amaluza milandu pa mfundo yachiwiriyi: chifukwa chochotsera munthu chimakhalapo ndithu, koma sanamuitane kuti amve mbali yake.

Penshoni ndi gratuity

Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu June 2011 linakakamiza olemba ntchito kuika antchito awo pa penshoni. Bwana amasonkha 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito amasonkha 5 peresenti. Cholinga chake chinali cha ukalamba, koma popeza dziko lilibe thumba la anthu osowa ntchito, ambiri amathamangira ku penshoni ntchito ikangowathera. Lamulo la 2011 linkalola munthu amene wakhala miyezi 6 osapeza ntchito ina kutengako gawo limene iye mwini anasonkha. Mabungwe a anthu apantchito anadandaula kwa nthawi yaitali kuti miyezi 6 ndi yambiri kwa munthu amene ali ndi lendi ndi fizi ya ana, ndipo Pension Act ya 2023 inachepetsa nthawiyi kufika pa miyezi itatu. Madandaulo a penshoni, makamaka a mabwana amene amadula ndalama pa malipiro koma osazipereka ku kampani yosunga penshoni, amapita kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi.

Magulu ena a antchito sanaikidwe pa penshoni yokakamiza ya 2011, ndipo ena mwa iwo anali antchito a m'nyumba, antchito a nyengo ndi matenanti. Kwa oterewa lamulo linaika gratuity, imene ndi 5 peresenti ya malipiro a pamwezi pa mwezi uliwonse umene munthu wagwira. Munthu amene wasankha fodya miyezi 8 pa malipiro a K100,000 amayenera kulandira K40,000 nyengo ikatha. Ndalamayi ndi yochepa, ndipo ambiri mwa oyenera kuilandira sadziwa n'komwe kuti iliko.

Kudandaula ndi kuchita apilo

Dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo, kapena la severance imene sinaperekedwe, liyenera kufika kwa mkulu wa ofesi ya zantchito ya m'boma pasanathe miyezi itatu. Ofesiyo imaitanitsa bwana, imamva mbali zonse ziwiri, imawerengera ndalama zoyenera ndi kuyesa kuwagwirizanitsa. Si khoti. Mphamvu yake yaikulu ndi yoyanjanitsa, ndipo bwana amene sakufuna kulipira akhoza kumangozengereza. Nkhani ikapanda kutha pa mwezi umodzi, wodandaula amatenga kalata ya ku ofesiyo n'kupita nayo ku Industrial Relations Court.

Khotili, limene ambiri amalitchula kuti IRC, linakhazikitsidwa ndi Labour Relations Act ya 1996 motsatira gawo 110 la malamulo oyendetsera dziko, ndipo lili ndi maofesi ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Wodandaula amalemba fomu yofotokoza mlandu wake ndi zimene akufuna, bwana amayankha pa fomu ina, kenaka mbali ziwirizo zimakumana kaye kuti zione ngati zingagwirizane mlandu usanayambe kuzengedwa. Munthu akhoza kudziimira yekha kapena kuimiridwa ndi mkulu wa bungwe la anthu apantchito, ndipo amene alibe ndalama za loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Kale wapampando wa khotili ankakhala ndi nthumwi ya olemba ntchito ndi nthumwi ya ogwira ntchito pozenga mlandu, ndipo milandu inkaima nthumwizi zikapanda kubwera. Kusintha kwa lamulo kwa 2021 kunachotsa nthumwizi.

Pa mlandu wa kuchotsedwa ntchito, udindo wosonyeza chifukwa uli pa bwana, malinga ndi gawo 61. Akalephera, khoti limatenga kuti munthuyo anachotsedwa mopanda chilungamo. Komabe wantchito amayenera kusonyeza kuti analembedwadi ntchito, kwa nthawi yaitali bwanji ndiponso pa malipiro anji, ndipo apa ndi pamene mapepala a malipiro, kalata yolembedwera ntchito kapena mboni zimafunika.

Khoti likapeza kuti wantchito analakwiridwa likhoza kulamula kuti abwezeretsedwe pa ntchito yake, alembedwe ntchito ina yofanana nayo, kapena apatsidwe chipukuta misozi. Gawo 63 limaika malire a pansi: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene wagwira zaka zosapitirira 5, masabata awiri kwa wa zaka zopitirira 5 mpaka 10, masabata atatu kwa wa zaka zopitirira 10 mpaka 15, ndi mwezi wathunthu pa chaka kwa amene wapitirira zaka 15. Khoti likhoza kupereka zoposa pamenepa.

Mbali imene sinakhutire ndi chigamulo ikhoza kuchita apilo ku High Court pasanathe masiku 30. Apilo imaloledwa pa nkhani ya kamasuliridwe ka lamulo kapena ya mphamvu za khoti basi; zimene IRC yapeza kuti ndi zimene zinachitika sizizengedwanso. Kuchita apilo pakokha sikuimitsa kulipira, pokhapokha khoti litalamula kuti chigamulo chiyambe chaima, ndipo mabwana ambiri amapempha zimenezi. Kuchoka ku High Court nkhani ikhoza kufika ku Supreme Court of Appeal, ndipo mlandu wofika kumeneko umatha patapita zaka.

Antchito a m'maesiteti a fodya ku Kasungu

Kasungu ndi limodzi mwa maboma amene amalima fodya wambiri m'Malawi. Maesiteti anachuluka kumeneko m'zaka za m'ma 1970, ndipo m'bomali muli msika wa okushoni wa Chinkhoma. Ntchito ya fodya imayendera nyengo: nazale imafesedwa mvula isanagwe, kuwokera kumachitika ndi mvula yoyamba, kuthyola, kusoka ndi kuyanika m'zigafa kumatenga miyezi ya pakati pa dzinja, kenaka kusankha ndi kudinda mabelo msika ukamatsegulidwa cha mu April. Msika ukatsekedwa, anthu ambiri amakhala opanda ntchito mpaka nyengo ina. Uku ndi kusowa ntchito kobwera chaka ndi chaka, koma pa malamulo sikuwerengedwa ngati kuchotsedwa, choncho sikubweretsa severance.

Lamulo lili ndi mfundo ziwiri zimene zinalembedwa poganizira anthu oterewa. Gawo 43 limati munthu amene amalembedwa ndi bwana yemweyo nyengo zotsatizana amawerengedwa ngati wagwira ntchito mosadukiza kwa nthawi yonse imene anagwiradi, miyezi ya nyengo zonsezo itaphatikizidwa. Ndipo pomasulira liwu lakuti wantchito, Employment Act inatchula tenanti mwachindunji, pamodzi ndi aliyense wolembedwa pa mgwirizano wa pakamwa.

Utenanti unali njira imene maesiteti ambiri a fodya wa bale ankadalira. Banja lonse linkabwera pa esiteti, kawirikawiri kuchokera ku maboma a kum'mwera monga Mulanje, Phalombe, Machinga ndi Mangochi. Mwini esiteti ankapereka malo, mbewu, feteleza ndi phoso pa ngongole, ndipo fodya akauma ankamugula pa mtengo woika yekha, n'kudula ngongole yonse. Tenanti ankalipidwa kamodzi pa chaka, fodya atagulitsidwa. Mitengo ikagwa ku okushoni, ena ankatsala opanda kanthu, osakwanitsa ngakhale thiransipoti yobwerera kwawo. Bungwe la TOAWUM, loimira antchito a m'fodya, linalimbana ndi mchitidwewu kwa zaka zambiri. Mu November 2019 dziko la United States linaika chiletso pa fodya wochokera ku Malawi chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi kugwiritsa ntchito ana, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha Employment Act n'kuletsa utenanti. Kuyambira pamenepo wolima fodya pa esiteti ya wina amayenera kukhala wantchito wolandira malipiro.

Vuto limene latsala ndi la umboni ndi mtunda. Lamulo limati bwana wa antchito asanu kapena kuposerapo apereke mfundo za ntchito zolembedwa pasanathe mwezi umodzi, koma m'maesiteti ang'onoang'ono mgwirizano umakhala wa pakamwa, ndipo kaundula wa masiku ndi wa ngongole amasunga ndi kapitawo kapena bwana mwini. Ofesi ya zantchito ili pa boma pa Kasungu, kutali ndi maesiteti ambiri, ndipo IRC ya ku Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera pa bomapo. Munthu amene wachotsedwa amatayanso nyumba, popeza ankakhala pa esiteti pomwepo. Akabwerera kwawo ku Mulanje, miyezi itatu ya dandaulo imatha ali kutali ndi boma limene nkhaniyo inachitikira.

Thandizo lina la boma

Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo inafalikira m'maboma onse, imapereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wotha kugwira ntchito. Munthu wamphamvu zake amene wangochotsedwa ntchito kawirikawiri salowamo. Pa nthawi ya Covid-19 boma linapereka K35,000 pa mwezi kwa miyezi itatu kwa mabanja ena a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Thandizolo linali la kanthawi, ndipo maboma monga Kasungu sanali m'gululi.

Amalawi ogwira ntchito ku South Africa

Amalawi amene amagwira ntchito movomerezeka ku South Africa amakumana ndi dongosolo losiyana. Kumeneko kuli thumba la Unemployment Insurance Fund, lotchedwa UIF, loyendetsedwa ndi lamulo la 2001. Wantchito amasonkha 1 peresenti ya malipiro ake ndipo bwana amaonjezera 1 peresenti ina. Antchito a m'nyumba analowetsedwamo mu 2003. Ntchito ikatha, bwana amadzaza fomu ya UI-19, ndipo munthu amapempha ndalama ku labour centre kapena pa intaneti pasanathe miyezi 12. Amalandira pakati pa 38 ndi 60 peresenti ya malipiro ake, olandira zochepa ndi amene amapeza peresenti yokwera, ndipo amene wasonkha zaka zinayi zathunthu akhoza kulandira mpaka masiku 365. Wosiya yekha ntchito salandira. Pempho likakanidwa, munthu amachita apilo ku komiti ya m'chigawo, kenaka ku komiti ya dziko lonse. Amene amagwira ntchito popanda mapepala, kapena amene bwana wake sanamulembetse ku UIF, amavutika kupeza ndalamazi ngakhale atakhala pa ntchitoyo zaka zambiri.