Diso la Pamutu: Mbiri ya Ojambula Zithunzi Akugwa Kuchokera Kumwamba

Chitseko cha ndege chikatseguka pamtunda wa mamita 4,000 kuchokera pansi, amene amayamba kutuluka ndi wojambula. Amaponda pakachitsulo ka kunja kwa ndege, n'kugwira zolimba mphepo ikumukwapula, kamera ili pamutu. Anthu amene akufuna kuwajambula akangodumpha, iyenso amataya ndege nthawi yomweyo. Akachedwa pang'ono pokha, anzakewo amakhala atapita kale. Akafulumira, amawasiya kumwamba. Kuchokera pamenepo ali ndi masekondi pafupifupi 60, akugwa paliwiro la makilomita 200 pa ola, kuti apeze nkhope ya munthu, aiike pakati pa chithunzi, ajambule, kenako akumbukire kuti nayenso ali ndi moyo wofunika kuupulumutsa.

Ambiri a ife parachuti tinaionera pa zikondwerero za dziko, asilikali akutsika pabwalo la masewera anthu akuimba mluzu. Koma kuchokera pansi timangoona mapeto a ulendo, nsalu itatambasuka kale. Zimene zimachitika pa mphindi ija munthu akugwa parachuti isanatseguke, maso a pansi saziona. Dziko linazidziwa kudzera mwa anthu ochepa amene analolera kunyamula kamera kumalo kumene manja onse awiri ali ndi ntchito ina.

Mboni yoyamba inali makina

Pamene André-Jacques Garnerin anatsika ndi parachuti kuchokera m'chibaluni mumzinda wa Paris pa 22 Okutobala 1797, kamera kunalibe, ndipo chimene chinatsala ndi zojambula pamanja za anthu amene anaonerera ali pansi. Mu Epulo 1919, Leslie Irvin anadumpha m'ndege ku McCook Field m'chigawo cha Ohio ku America, n'kutsegula yekha parachuti pokoka chingwe ali kale mumlengalenga. Izi zinatsutsa mantha amene anthu ambiri anali nawo akuti munthu akamagwa amakomoka. Komabe kwa zaka zambiri zithunzi za odumpha zinkajambulidwa kuchokera pakhomo la ndege kapena pansi, ndipo munthu ankangooneka ngati kadontho.

Chithunzi chimene chinagwedeza anthu chinajambulidwa pa 16 Ogasiti 1960. Joseph Kittinger, msilikali wa ndege za nkhondo za America, anakwera ndi chibaluni kufika mamita 31,300 pamwamba pa chipululu cha New Mexico. Golovesi yakumanja inali itasiya kugwira ntchito ndipo dzanja linali litatupa, koma iye anadumphabe. Kamera yodzijambulira yokha imene inamangidwa m'chibalunimo inamujambula atangochoka, kamunthu kakang'ono pamwamba pa mitambo yoyera ngati thonje. Chithunzicho chinatuluka pachikuto cha magazini ya Life. Anagwa kwa mphindi 4 ndi masekondi 36 asanatsegule parachuti yaikulu, ndipo panalibe munthu woti agwe naye limodzi kuti ajambule zotsalazo.

Kamera ichoka m'manja, ipita pamutu

Munthu amene akugwa amadziwongolera ndi mikono ndi miyendo. Akapinda mkono umodzi kuti agwire chinthu, thupi limayamba kuzungulira. N'chifukwa chake ojambula oyambirira, amene ankagwira kamera m'manja kapena kuimangirira pamkono, ankabwera ndi zithunzi zambiri za thambo lopanda kanthu. Njira inapezeka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pamene pulogalamu ya pa wailesi yakanema yotchedwa Ripcord inkajambulidwa ku America. Bob Sinclair, mmodzi mwa odumpha amene ankagwira ntchitoyo, amakumbukiridwa chifukwa chomangirira kamera pa helimeti. Mutu unasanduka choikapo kamera, khosi n'kukhala chotembenuzira, manja n'kutsala ndi ntchito youlutsa thupi.

Luso limeneli linali ndi mtengo wake. Bob Buquor, amene anajambula odumpha 8 atagwirana manja mozungulira mumlengalenga ku Arvin m'chigawo cha California mu 1965, anamira m'nyanja kufupi ndi Malibu chaka chotsatira akujambula filimu ya Don't Make Waves. Odumpha m'ndege amamukumbukirabe ndi chizindikiro chaulemu chimene chili ndi dzina lake. Carl Boenish, amene anajambula zochitika za mumlengalenga mu filimu ya The Gypsy Moths ya 1969, anapitiriza ntchitoyo mpaka pojambula anthu akudumpha pathanthwe la El Capitan mu 1978, ndipo anamwalira mu 1984 atadumpha m'mapiri a ku Norway. Mu filimu ya James Bond ya 1979, Moonraker, chigawo choyambirira chimene anthu awiri akulimbirana parachuti imodzi chinatenga maulendo 88 odumpha, Rande DeLuca atasenza kamera ya filimu pamutu. Ulendo uliwonse unkapereka masekondi ochepa chabe ogwiritsika ntchito.

Masiku a zithunzi 36

Amene anakula m'nthawi ya makamera a filimu akukumbukira kudikira kuja: wojambula amakujambula lero, chithunzi umachiona filimu ikadzaza n'kukatsukidwa. Kwa wojambula wa mumlengalenga, kudikira kumeneku kunali sukulu yowawa. Mpukutu umodzi unali ndi zithunzi 36 basi, ndipo palibe amene akanasintha filimu ali pakati pa thambo ndi dziko. Ngati kamera inapendekeka pang'ono pa helimeti, ankadziwa patapita masiku, atadumpha kale maulendo angapo n'kudula mitu ya anthu pa zithunzi zonse.

M'zaka zimenezi m'pamene zipangizo zimene zilipo mpaka lero zinakhazikika. Poti diso silingafike pakabowo koonera ka kamera imene ili pamutu, anaika kagalasi kozungulira kutsogolo kwa diso limodzi, kolunjikitsidwa kumene kamera ikuloza. Poti chala sichingafike pabatani, anatulutsa kawaya kuchokera ku kamera kukafika m'kamwa. Ena amaluma kabataniko ndi mano, ena amakadina ndi lilime, ena amauzira mpweya m'kapaipi. Zovala zawo anazisokerera timapiko ta nsalu kuchokera m'mikono kufika m'chiuno, kuti athe kuchepetsa kapena kuwonjezera liwiro mogwirizana ndi amene akumujambula.

Ntchitoyi inasanduka malonda enieni kuyambira 1983, pamene Ted Strong ndi Bill Booth ku Florida anayambitsa kudumpha kwa anthu awiri omangidwa pamodzi, mphunzitsi kumbuyo, mlendo kutsogolo. Munthu wamba amene sanaphunzirepo chilichonse tsopano akanatha kudumpha, ndipo munthu wotereyu amafuna umboni woti akaonetse kwawo. Alendo ambiri ankabwerera kwawo atapatsidwa mpukutu wa filimu wosatsuka m'manja, osadziwa ngati nkhope yawo ilimo.

Kubwera kwa kamera ya digito

Kamera yoyamba ya digito inapangidwa ndi Steven Sasson ku kampani ya Kodak mu 1975. Inkalemera makilogalamu 3.6, inkajambula zakuda ndi zoyera zokha, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa kaseti. Ikanatengedwa kumwamba, ikanabwerako ndi zithunzi ziwiri paulendo wonse.

Ngakhale makamera aang'ono a digito atafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ojambula a mumlengalenga sanawathamangire. Vuto lalikulu linali kuchedwa. Ukadina batani, kamera inkayamba kaye yaganiza isanajambule. Pansi pano theka la sekondi si kanthu, koma kumwambako munthu amagwa mamita 55 pa sekondi iliyonse, ndipo nkhope ya mlendo pamene akuchoka pakhomo la ndege sibwereranso. Ambiri mwa makamerawo analibenso polowetsa kawaya ka m'kamwa kaja, ndipo ena ankazima okha akakhala kanthawi osagwiritsidwa ntchito, nthawi zina ndege ili pafupi kutsegula chitseko.

Panalinso mavuto a kumwamba kokha. Pa mamita 1,000 aliwonse amene ndege yakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, ndipo mabatire amafooka msanga akazizidwa. Galasi la kamera lozizira likatsikira mu mpweya wofunda limachita nthunzi. Tosungira zithunzi tina ta nthawi imeneyo, monga Microdrive ya IBM, tinali ndi kambale kozungulira mkati kamene kamadalira mpweya wokwanira kuti kasakhulane ndi kowerengera kake, ndipo sitinapangidwe kuti tigwire ntchito kupitirira mamita 3,000. Makadi opanda choyenda mkati ndiwo anathetsa vutolo.

Zinthu zinatembenuka pamene makamera a digito osinthika magalasi anatsika mtengo. Nikon D1 inatuluka mu 1999 ndipo Canon EOS D30 mu 2000, koma zinali za anthu a ndalama. Mu 2003 Canon inatulutsa EOS 300D, ya mamegapikiselo 6.3, pamtengo wosafika madola 1,000. Inali yopepuka, inkajambula ukangodina, ndipo inali ndi kabowo ka waya wojambulira uli patali, kamene kanagwirizana bwino ndi kabatani ka m'kamwa. EOS 350D ya 2005 inali yocheperapo ndiponso yachangu. Pa zaka zochepa, filimu inasowa pamabwalo odumphira.

Phindu lalikulu silinali kuchuluka kwa zithunzi kokha, ngakhale kuti 36 zija zinasanduka mazana. Linali kuphunzira msanga. Wojambula akangotera ankaona zolakwa zake pakagalasi ka kumbuyo kwa kamera, n'kuwongola asanakwerenso ndege yotsatira. Zimene Buquor ndi Boenish ankaziphunzira m'miyezi, wachinyamata ankaziphunzira Loweruka ndi Lamlungu limodzi. Mlendo naye anayamba kuchoka ndi zithunzi zake tsiku lomwelo, poyamba pa CD, lero pafoni.

Popanda chithunzi palibe mbiri

Kale oweruza mipikisano ankaima pansi ndi magalasi oonera patali, makosi atapindikira kumbuyo. Masiku ano pa mpikisano wa magulu a anthu anayi, wojambula ndi membala wachisanu wa gululo. Gulu limapatsidwa masekondi 35 kuti lipange maonekedwe osiyanasiyana pogwirana manja ndi miyendo, ndipo kugwirana kumene kamera sinakuonetse bwino sikuwerengedwa.

Pa 8 Febuluwale 2006, odumpha 400 ochokera m'mayiko ambiri anatuluka m'ndege zisanu za mtundu wa C-130 pamwamba pa Udon Thani ku Thailand, n'kugwirana onse kwa masekondi opitirira 4. Kuti bungwe loona za masewera a mumlengalenga padziko lonse, FAI, livomereze, oweruza anayenera kuona pa zithunzi ndi pa kanema kuti munthu aliyense ali pamalo ake ndipo wagwira pamene anayenera kugwira. Khama la anthu 400 linadalira ojambula ochepa amene anali kuuluka pamwamba ndi pansi pawo, amene sawerengedwa m'chiwerengerocho.

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, pa 14 Okutobala 2012, Felix Baumgartner anadumpha kuchokera pamtunda wa mamita pafupifupi 39,000 ku New Mexico komweko, makamera ali pachovala chake ndi pa chombo chimene anakweramo, anthu mamiliyoni akuonera pa YouTube nthawi yomweyo. Amene ankalankhula naye pa wailesi kuchokera pansi anali Kittinger, ali ndi zaka 84.

Kamera yapepuka, udindo sunapepuke

Kampani ya GoPro, imene Nick Woodman anaiyambitsa mu 2002, inabweretsa kamera yaing'ono ngati bokosi la machesi imene aliyense angaimate pachipewa. Makosi a ojambula anapumulako, chifukwa parachuti ikamatseguka thupi limagwedezeka mwamphamvu moti katundu wa pamutu amalemera katatu kapena kupitirira. Koma kuchepa kwa kamera kunanyenga ambiri kuganiza kuti ngozi nayo yachepa. Chilichonse chotuluka pa helimeti chingakole zingwe za parachuti, ndipo n'chifukwa chake mahelimeti a ojambula ali ndi kachingwe kokoka kuti chipewa chonse chitayidwe pakagwa vuto.

Ngozi yaikulu kuposa zingwe ili m'maganizo. Mu Epulo 1988 ku North Carolina, wojambula wina wodziwa ntchito, amene anali atadumphapo maulendo mazana ambiri, anatuluka m'ndege ndi zida zojambulira koma alibe parachuti. Kamera yake inapezeka itajambula mbali ya ulendo wake womaliza. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Bungwe la odumpha m'ndege ku America, USPA, limalangiza kuti munthu asanyamule kamera ya mtundu uliwonse, ngakhale yaing'ono bwanji, asanakwanitse maulendo 200. Langizo limeneli ndi lanzeru, chifukwa munthu ayenera kuyamba wazolowera kuyang'ana choyezera mtunda cha pamkono mpaka chizolowezicho chilowe m'magazi, asanadzipatse china choti aziyang'ana.

Ndiye tibwerere kwa wojambula uja tinamusiya akugwa. Pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, mphunzitsi amatsegula parachuti, ndipo iye ndi mlendo wake amaoneka ngati akokedwera kumwamba. Wojambula amapendeketsa mutu, n'kuluma kabatani kangapo kuti agwire nsalu ikutambasuka. Chithunzi chimenechi chimakoma, ndipo mtima umafuna kuwonjezera chimodzi. Koma nthaka ikubwera mamita 55 pa sekondi iliyonse, ndipo khadi la mu kamera, ngakhale litakhala ndi malo a zithunzi zikwi, silingamuwonjezere sekondi imodzi. Amatembenuka, amayang'ana pamkono, amaona ngati pamwamba pake palibe munthu, n'kutsegula parachuti yake. Zithunzi zija akaziona akatera.