Kodi pulofesa ndi ndani?

Pa zikondwerero otsogolera mwambo amakonda kunena kuti, "Pakati pathu pali a pulofesa," pamene munthuyo wangomaliza kumene digiri ya udokotala. Kumeneko n'kusokoneza zinthu. Udokotala ndi digiri, umaulembera ndi kuupambana. Upulofesa ndi udindo umene yunivesite imapereka kwa mphunzitsi wake ikaona zimene wafufuza, zimene walemba komanso ophunzira amene wawasula. Palibe mayeso a upulofesa.

Liwuli tinabwereka ku Chingerezi, koma gwero lake ndi Chilatini, kumene linkanena za munthu wolengeza poyera zimene akudziwa.

Taonani Polly Arnold wa ku Britain, katswiri wa inorganic chemistry, nthambi ya kemisitiri yofufuza zinthu monga zitsulo ndi michere. Anaphunzira ku yunivesite ya Oxford, udokotala wake anautengera ku yunivesite ya Sussex, kenako anakachita kafukufuku ku yunivesite ya MIT ku America. Atabwerera kwawo anayamba ngati mphunzitsi wamba pa yunivesite ya Nottingham. Mu 2007 anasamukira ku Edinburgh, ndipo kumeneko ndi kumene anafika pa upulofesa. Ntchito yake yambiri ndi yofufuza uranium, chitsulo chomwe chija chinkakumbidwa ku Kayelekera, ku Karonga. Mu 2018 anasankhidwa kulowa mu Royal Society, bungwe la akatswiri a sayansi la ku Britain, kenako anapita ku yunivesite ya ku Berkeley, ku America.

Choncho mdzukulu wanu akabwera ndi PhD, digiri ya udokotala ija, muyimbireni nthungululu n'kumutchula dokotala. Akadzakwezedwa ndi yunivesite yake, pamenepo ndiye mukhoza kunena kuti a pulofesa, kaya ndi bambo kaya ndi mayi, pakuti liwuli silisankha.